Kabati Yakana Kulowa M'nyumba

Okondedwa Bambo,

Ndikudziwa kuti mukaona zolemba zanga pa envulopu muyamba mwaitana Amayi, poganiza kuti ndalakwitsa dzina. Sindinalakwitse. Kalata iyi ndi yanu. Amayi amve nawo ngati mufuna, koma muwerenge nokha, ngakhale zikutengereni tsiku lonse ndi magalasi anu aja omanga ndi waya.

Muli bwanji, Bambo? Msana uja ukuti bwanji? Amayi anandiuza kuti chaka chatha unakugonetsani milungu iwiri, ndipo tsiku lomwe munadzuka munalunjika ku shedi kukapala thabwa musanamwe ndi tiyi yemwe. Sindinadabwe. Nanga mlongo wanga ndi ana ake? Kuno tili bwino, ine ndi mpongozi wanu, kupatula miyendo yake imene yayamba kutupa. Anesi akuti si zachilendo kwa munthu wa miyezi isanu ndi iwiri. Inde, mwamva bwino. Ndikudziwa kuti Amayi anakuuzani kale, inu n'kungong'ung'udza uku mukunola tchizulo, koma ndimafuna mumve kwa mwini wake.

Zaka zinayi ndi zambiri kuti munthu asalembere bambo ake. Ndifikapo pamenepo. Mundilole ndiyambe ndi nkhani yopepuka.

Tapeza nyumba. Ndi ya lendi inde, koma kiyi ali m'thumba mwanga. Ndi zipinda ziwiri ndi kakhonde kutsogolo, pa mdadada wa makomo asanu, mpopi umodzi pabwalo. Windo lakuchipinda limayang'ana khoma la anthu owotcherera zitsulo, ndiye wailesi sitikuifuna, phokoso timalandira laulere. Koma mukanaona kumene tinkakhala, kuseri kwa katani m'nyumba ya azakhali a mpongozi wanu, kumene ukatsokomola nyumba yonse imakufunsa ngati wamwa mankhwala, mukanati takwera.

Tsiku lolowa, katundu wathu yense anakwana pa ngolo imodzi yokankha: matilesi, makina osokera a mpongozi wanu, miphika itatu, chidebe ndi zikwama ziwiri za zovala. Titatsitsa, mwini ngolo anaima kudikira kuti tibwerere kukatenga wina. Titamuuza kuti basi ndi yemweyu, anasuzumira m'nyumba, anatiyang'ana, n'kunena kuti bola sitizivutika posesa. Tinaseka naye. Koma atapita ndinaona mkazi wanga akufunafuna pokhala ndi mimba yake ija, mpaka anatembenuza chidebe n'kukhalapo. Mtima unandiwawa, Bambo.

Ntchito ndikadali pomwe paja, pophika buledi. Mukhoza kuseka: ndinathawa utuchi kwanu kuti ndizioneka waukhondo, lero ndimaweruka nditayera mbuu ndi fulawa mpaka m'makutu. Malipiro ake ndi oti ukapereka lendi n'kugula chakudya, zotsalazo sizilemera m'thumba.

Tinakayang'anapo m'masitolo a katundu watsopano, aja a magalasi aakulu. Bambo wina wa tayi anatiuza kuti titha kutenga sofa tsiku lomwelo n'kumalipira pang'onopang'ono zaka ziwiri. Mpongozi wanu anakhalapo, anadinadina, kenako anandinong'oneza kuti tizipita mwana asanazolowere. Ine ndinali nditasuzumira kale kunsi. Munali timatabwa ta utuchi wopanikiza, tolumikiza ndi timawaya. Sofayo akanatha ife tikulipirabe.

Mnzanga wokanda fulawa ndi amene anandilozera bwalo la katundu wakale, kuseri kwa depoti ya mabasi. Kumeneko kuli mabedi, mipando, matebulo, zitseko, zonse zosanjikizana pansi pa malata odontha. Mwini wake ndi mayi wina wamkulu, wa mawu abesi, amene anthu amangowatchula kuti a Ndaluza, chifukwa chilichonse akagulitsa amapukusa mutu n'kunena kuti aluza, uku ndalama akuzilowetsa m'chikwama.

Tinapitako Loweruka katatu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinayamba kudzidabwa. Anthu ena amafika, ayang'ana penti, akhalapo kamodzi, alipira. Ine ndinangoona manja anga atatembenuza mpando miyendo m'mwamba. Ndinaugwedeza kuti ndimve ngati ukulira. Ndinagogoda thabwa kumvetsera ngati m'kati mwafumbwa, ndinayang'ana pansi ngati pali kaufa kaja kamene kamagwa mtengo ukadyedwa. M'makona a mabedi ndinkalowetsamo kamtengo ka machesi kufuna nsikidzi. Palibe anandiuza kuti nditero. Mpongozi wanu anati nkhope yanga inasinthiratu, nsidze imodzi m'mwamba, mlomo wam'munsi panja, ndipo anafunsa kuti nkhope imeneyo ndaibwereka kwa ndani. Inu mukuidziwa, Bambo.

Bedi tinapeza lolimba ndithu, lotchipa chifukwa thabwa limodzi lapakati linathyoka. Ndinalithira madzi owira molumikizira monse, ndinaliyanika padzuwa masiku awiri, thabwa lija ndinasintha ndekha. Mipando tinatenga iwiri yosafanana, wina wautali wowonda, wina waufupi wotakata. Mpongozi wanu akuti ndi ine ndi iye, ndipo wandiletsa kunena kuti iye ndi uti.

Tebulo linali ndi mwendo umodzi waufupi. A Ndaluza anati ndiziikapo kapepala kopinda. Ndinawauza kuti kwathu kuika pepala pansi pa tebulo ndi mlandu waukulu, ndipo ndinabwereka sowo pomwepo n'kudula miyendo inayo mpaka linakhazikika.

Mayi aja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ndine mwana wa ndani. Ndinati ndine mwana wa kalipentala. Bambo, mawu amenewo ndinali ndisanawatchulepo chichokereni kwanu. Kuntchito amangodziwa kuti bambo anga ali ndi kabizinesi, basi. Koma tsiku limenelo anatuluka okha, ndipo ndinawanena mokweza.

Tsopano nkhani ya kabati, imene yandilembetsa kalatayi.

Inali kumapeto kwenikweni kwa bwalo, nkhuku itakhala pamwamba pake. Inachokera m'sitolo ya nsalu imene inatsekedwa. Ndi yofika m'chiuno, yaitali m'mbali, ndiponso yakuya kwambiri chifukwa inkasunga mipukutu ya nsalu. Pamwamba pake ndi thabwa losalala, lodetsedwa ndi manja a anthu a zaka zambiri.

Mpongozi wanu ataiona anangoima. Iye ndi telala wa pakhomo, ndipo chiyambire kusoka amadulira nsalu pansi atagwada. Masiku ano akagwada, kudzuka kwake ndi nkhondo. Anayala manja pamwamba paja n'kunena kuti apa munthu angamadule ataimirira, m'kati angasungemo nsalu za makasitomala makoswe osazipeza, ndipo m'dirowa lalikulu lam'munsi, titalitulutsa n'kuyalamo bulangete, mwana angagonemo miyezi yoyambirira. Sanandipemphe kuti tigule. Iye sapempha. Anangoisisita n'kuchokapo.

Ine ndinagwada kuyang'ana kunsi. Bambo, mulibe msomali ndi umodzi womwe. Matabwa ndi olumana mano, kwina n'kokhoma zikhomo zamtengo, monga munkachitira inu. Amene anaipanga anali munthu wosathamanga, ndipo ndinalakalaka nditamudziwa.

Inali itakhala pamenepo chaka chathunthu, anthu akuiopa kukula, motero a Ndaluza anatigulitsa pa mtengo wa mipando iwiri. Ulendo uno ndikukhulupirira kuti analuzadi. Asanalandire ndalama anandifunsa kawiri ngati ndayeza khomo la kwathu, chifukwa katundu akatuluka pageti pawo sabwerera. Mpongozi wanu naye anati tibwerere kaye kunyumba tikatenge tepi yake. Ine ndinaseka. Ndinawauza onse awiri kuti mwana wa kalipentala safuna tepi, khomo la nyumba ndi zikhatho zinayi, ndipo zimenezi ndinazimva kwa bambo anga ndisanayambe ndi sukulu yomwe.

Mukukumbukira? Munkatambasula dzanja, chala chachikulu uku, chaching'ono uko, n'kuliyendetsa pa felemu ya chitseko kanayi ngati mbozi, kenako n'kunena kuti chilichonse choposa apa chigona panja. Ndinatambasula langa pa kabati ija anthu akuona, monyadira. Zikhatho zinayi, kuchotsapo chala chimodzi. Ndinalengeza kuti ilowa, ndipo malo atsalanso.

Panafunika amuna anayi kuti ikwere pa ngolo. Titafika, anthu a pamdadada onse anatuluka kudzaonerera. Tinailunjikitsa pakhomo, tinakankha, inangoti gu! pa felemu. Tinaigoneka chammbali, tinaiimika, tinatulutsa madirowa, tinachotsa ndi chitseko chomwe. Inakana. Sikuti ikuphonya pang'ono ayi, ikuposa khomo ndi zala zinayi zathunthu.

Ine mwana wanu ndinayamba kunyoza amene anamanga nyumba, ndinati anaba njerwa. Ndinayeza khomo lathu, zikhatho zitatu ndi theka. Ndinapita kwa aneba, zitatu ndi theka. Ndinayeza makomo onse asanu, mpaka la eni nyumba, iwo ataima pambali atagwira m'chiuno, akufunsa kuti wandituma ndani. Onse anali chimodzimodzi.

Mpongozi wanu sanandiseke pagulu, pamenepo ndimuyamikira. Anthu atabalalika anatenga tepi yake, anayeza khomo, anati ndi khomo wamba ngati makomo onse amene amawasokera makatani. Kenako anati nditambasule dzanja pa tebulo. Analiyeza, anawerengera chamumtima, ndipo anandiuza mofatsa kuti bambo anga sananame, omanga nyumba nawonso sanabe kanthu. Zikhatho zinayi zija ndi zanu, si zanga. Dzanja langa ndi lalikulu kuposa lanu.

Ndinakana. Ndinati iye sakukudziwani, manja a bambo anga ndi aakulu ngati fosholo, dzanja limodzi linkakwana kundigwira mutu wonse. Iye anangofunsa kuti ndinali ndi zaka zingati pamene ndinawayang'ana bwinobwino komaliza.

Ndinakhala pakhonde nditatsamira kabati ija mpaka tiyi anazizira m'kapu. Ndinayesa kukumbukira manja anu, osati a nthawi imene ndinali mwana, koma a tsiku limene ndinachoka. Ndinawaona, Bambo. Anali manja aang'ono, ouma, chala chimodzi chopindika pomwe panadutsa sowo. Tsiku limenelo ndinaziona, koma ndinali ndi mkwiyo wambiri moti sindinafune kuzidziwa.

Ndinene tsopano zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Munandipatsa mpando wa aphunzitsi aja kuti ndipange ndekha, woyamba kundikhulupirira nawo. Ine pofuna kumaliza msanga ndinangoukhoma misomali, mabowo n'kumata utuchi ndi guluu. Aphunzitsi atabwera kudzatenga, munautembenuza, munaugwedeza, n'kuuphwasula ndi manja pamaso pawo. Munati chinthu chotere sichituluka m'shedi mwanu. Manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo anasanduka mwano. Ndinati zaka makumi atatu mukupangira anthu mipando, koma kwanu ana amadyera pansi, alendo amakhala pa zidebe, ndiye ntchito yanuyo yakupindulirani chiyani. Ndinanena pamaso pa kasitomala ndi pamaso pa Amayi.

Mukanandimenya bwenzi zitapola kalekale. Munangowerama n'kuyamba kutola zidutswa za mpando uja, ine n'kukalongedza chikwama.

Mwezi uno ndaphunzira kuti mpando ndi chiyani. Ndikudziwa tsopano kuti mpando uliwonse wotuluka m'shedi mwanu unali nsapato zanga, kapena yunifolomu ya mlongo wanga, kapena mankhwala a Amayi. Ndakumbukiranso mipando inayi ija imene munapangira nyumba yathu, tinaikhalira mwezi umodzi wokha, n'kuchoka mlungu womwe ndinagonekedwa m'chipatala. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti munaigulitsa chifukwa chokonda ndalama. Ine ndinaona mkazi wanga atakhala pa chidebe tsiku limodzi lokha, chakudya chinandikanika. Inu munaona zimenezo zaka zonse zija, kenako mwana wanu yemwe n'kukutonzani nazo.

Ndinalakwa, Bambo. Ndikhululukireni. Ndilibe mawu ena okometsera.

Lero ndi tsiku lakhumi kabati ili pakhonde, yofunditsidwa pepala la pulasitiki. Anthu odutsa akufunsa ngati tatsegula golosale, ndipo mayi wa khomo lachitatu wayamba kuyanikapo mbale. Eni nyumba akana kuti tigumule felemu. Akuti pofika kumapeto kwa mwezi ikhale italowa kapena itachoka, chifukwa ikutchinga njira ya kumpopi. Mitambo nayo yayamba kusonkhana masana, ndipo denga la khonde lathu ndi lalifupi. Mvula ikaipeza pamenepa, thabwa lapamwamba lija lipindika.

Aneba athu owotcherera zitsulo abwera kawiri ndi makina awo odulira. Akuti mphindi zisanu aidula pakati, tikalowetsa tikhoma misomali, nkhani yatha. Ndi anthu abwino, koma ndinaima patsogolo pa kabati mpaka anabwerera. Kalipentala wa kuno ndinamuitana mmodzi. Anafika atanyamula chitsulo chozulira misomali, ndinamuthokoza n'kumuperekeza.

Mpongozi wanu akudulirabe pansi, poti tebulo lija ndi laling'ono. Dzulo ndinam'peza atagwira khoma, akupuma kaye asanadzuke. Atandiona anamwetulira n'kunena kuti akuyang'ana singano.

Ndinabwerera kwa a Ndaluza kukayesa mwayi, kuti mwina angaitengenso n'kundipatsa yaing'ono. Anaseka mpaka kupukuta misozi, anati lamulo la pageti pawo ndinalimva kawiri. Kenako anafunsa ngati kalipentala amene ndinkanyadira uja ali moyo. Ndinati ali moyo. Anati ndiye ndikudzatani pabwalo pawo. Anawonjeza kuti bambo awo anamwalira iwo ali ndi mawu m'kamwa amene ankati adzanena chaka chamawa, ndipo mawuwo akadali nawo mpaka lero. Ndinachoka n'kudutsira pogula envulopu.

Ndikudziwa kuti kabati yotere imamasuka. Ndinakuonani kamodzi mukumasula ina yonga iyi, kugogoda zikhomo chimodzichimodzi, kuika nsalu ya madzi otentha pamene pali guluu, mpaka inagona pansi matabwa okhaokha, ndipo dzuwa lisanalowe inali itaimanso m'nyumba ya eni ake. Munandiitana kuti ndidzaone poyambira. Ndinati ndikubwera, n'kuzembera kumpira. Tsopano ndayang'ana zikhomo izi masiku khumi. Sindikudziwa choyamba ndi chiti, ndipo ndikuopa kuti ndikagogoda cholakwika ndiing'amba.

Bwerani, Bambo. Ya basi ndatumiza kwa mlongo wanga, chonde musaibweze. Musanyamule zambiri, nyundo yanu yamtengo ija basi, zina ndibwereka kuno. Kunyamula ndi kuwerama ndichita ine, inu mudzangoloza ndi chala kuti gogoda apa. Bedi ndi lanu masiku onse amene mudzakhale, zimenezo tagwirizana kale ndipo mpongozi wanu akuti musayese kukana.

Ngati msana sulola, kapena mtima sunalolebe, ndimva. Mundilembere pa kapepala chikhomo choyambira, ndidzayesa ndekha. Koma ndisakunamizeni. Ndikuthokoza kuti kabatiyi inakana kulowa. Pakanapanda iyo bwenzi ndikudikirabe tsiku labwino lolembera, mpaka mwana kubadwa, mpaka kuyamba kuyenda, osadziwa agogo ake. Mpongozi wanu simunamuonepo. Amakudziwani ndi nkhani zanga zokha, ndipo akuti kwa munthu amene amati sakufuna kumva za bambo ake, ndimakutchulani kwambiri.

Mupereke moni kwa Amayi, muwauze kuti nsalu ya mwana imene anatumiza inafika ndipo yasokedwa kale. Moni kwa mlongo wanga, kwa alamu ndi kwa ana onse. Moninso kwa aphunzitsi aja ngati akadali komweko, muwauze kuti mpando wawo ndimaukumbukira. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo aufewetse msanawo kuti upirire mabampu a pamsewu.

Mukafika mudzapeza zolakwika zambiri. Shelefu ya kukhitchini ndinaikhoma mopendekera, ndikuiona ndekha, ndipo pali zina zimene ine sindikuziona koma inu mudzaziona musanakhale ndi pansi pomwe. Mudzanene zonse, osasiyako. Zaka zinayi palibe amene wandikalipira chifukwa chofuna kuti ndichite bwino, ndipo ndazisowa.

Dzandikalipireni m'nyumba mwanga, Bambo.

Ndine mwana wanu wachisamba,
amene akudikira pa depoti Loweruka lililonse mpaka mutatsika basi.